Mkati mwa Mpira Muli Mpira

Chiyao changa ndinachiphunzira pamsika, ndipo ndinkachinyadira kuposa satifiketi ya uphunzitsi imene inkagona pansi pa sutikesi. Ine ndine Mlomwe wa banja la Chikhristu, makolo athu anachita kuoloka kuchokera ku Mozambiki. Boma litanditumiza kukaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale cha ku Phalula, masiku amene Balaka inali idakali pansi pa Machinga, ndinapeza kuti ana ambiri kumakwawo amayankhula Chiyao. Ndinayamba kutolera mawu kwa amayi ogulitsa tomato ndi matemba a ku Chiuta, ndipo pasanathe chaka ndinkadziona ngati mwini chiyankhulo. Chimene sindinkadziwa n'chakuti Chiyao cha pamsika chimadziwa za lero zokha: ndikufuna, ndikugula, mwadulitsa. Za dzana ndi za makedzana ine ndinalibe nazo mawu.

M'mphepete mwa msewu waukulu, pansi pa mtengo wa mango, pankakhala bambo wina wosoka nsapato ndi kumata machubu a njinga. Aliyense ankangowatchula kuti a fundi. Anali Msilamu wosaphonya swala, wa mawu ochepa, ndipo ali mnyamata anagwirapo ntchito ya zikopa ku Limbe. Anali ndi mwana wamkazi wa zaka ngati khumi amene ankangopita ku madrasa. Tsiku lina ndinamupeza mtsikanayu akukopera pansi ndi kamtengo zilembo za m'nyuzipepala yokulungira nsapato, osadziwa kuti zikuti chiyani, ndipo kuyambira tsikulo a fundi sanapumenso, ine ndikuwachonderera kuti amutumize kusukulu. Nsapato zanga zinasokedwa ngakhale pamene sizinang'ambike.

Anandiuza kuti iwo bambo awo anawakaniza sukulu chifukwa masiku amenewo ana ankabwerako ndi dzina lachilendo, ena atadyetsedwa zosayenera. Ndinawayankha kuti zimenezo zinapita ndi atsamunda. Ndinalonjeza, dzanja lili pachifuwa, kuti mwana wawo ali m'manja mwanga sadzadya kapena kugwira chinthu chodetsedwa.

"Mwanena nokha, aphunzitsi," anatero a fundi. "Ine sindinakuumirizeni."

Mtsikanayo anayamba sukulu, ndipo m'zaka ziwiri anadumpha kalasi imodzi. Mabanja ena anayi kapena asanu anatsatira, poti amati ngati a fundi alola ndiye kuti palibe choopsa. Ine ndinkayenda ngati sukuluyo ndinaimanga ndekha.

Chaka chimenecho kunabwera mlamu wawo wa ahedi athu, mtchona amene anakhala ku Halale zaka zoposa makumi awiri akutchetcha udzu ndi kulemba mizere pa mabwalo a sukulu ina ya azungu. Kumeneko anaphunzira masewera a ragibi pomangoonerera, mpaka anayamba kuthandiza kuphunzitsa ana aang'ono. Pobwerera kumudzi anabweretsa sutikesi, wezulo, ndi mpira umodzi wachikopa umene anamupatsa pomutsanzika. Ankausunga m'thumba la pilo ndi kuupaka mafuta ngati khanda. Tinkawatchula kuti a ku Halale, iwo n'kumavomera.

Anapempha ahedi kuti awasonkhanitsire ana tsiku limodzi lathunthu, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, awaonetse masewerawa. Ahedi anali atamvapo kuti ragibi ndi ndewu ya anthu ovala makabudula, ndiye anakana kaye. Mlamu wawo anawatsimikizira kuti ya ana ilibe kugwetsana, ngakhale kugwirana kumene. Mwana aliyense amapisa tizingwe tiwiri ta mlaza m'chiuno, kamodzi uku kena uku, ndipo wina akakusolola kamodzi umaima n'kupatsira mnzako mpira. Ahedi anavomera, a tcheyamani a chipani a m'dera lathu anadziwitsidwa, poti nthawi imeneyo anthu sankasonkhana iwo osadziwa, ndipo tinaitana sukulu zina ziwiri, ina yochokera cha ku Kalembo.

Za zakudya anandipatsa ine, ndipo ndinasamala kwambiri. Tinasankha Loweruka, chimanga chitalowa m'nkhokwe, kutali ndi mwezi wa Ramadani komanso zinamwali zisanayambe. Ndinakana nyama ya mtundu uliwonse kuti pasakhale wofunsa kuti wazinga ndani. Tinaphika mbatata m'migolo iwiri yotsukidwa bwino, amayi a m'mudzi anabweretsa thobwa losasasa, basi. Ndinadziuza kuti palibe pamene nkhumba ingalowere pa tsikuli.

M'mawa wake bwalo linali ndi mizere ya phulusa, ndipo ana anadzaza mpaka pansi pa mlambe wa kumapeto kwa bwalo. A tcheyamani anayankhula za kumvera ndi kusunga mwambo mpaka mthunzi unasuntha, ana anaimba nyimbo zimene zinkayenera kuimbidwa, kenako a ku Halale anatulutsa mpira m'thumba la pilo. Ana anaseka mpaka ena kukhala pansi. Wina anati mpirawo unakhaliridwa ndi njovu, wina anati ndi dambe lovala chikopa. A ku Halale anauponya pansi, unadumphira kumanzere pamene aliyense ankauyembekeza kumanja, ndipo amene anauwakha usanagwenso anali mwana wa a fundi. Anaukumbatira pachifuwa ndi manja awiri.

"Zvakanaka," anatero a ku Halale, kumuyamikira m'Chishona. "Mwaona? Ameneyu wagwira ngati anabadwa nawo."

Chichewa chawo chinali chosakaniza ndi Chishona ndi Chingerezi, moti ngakhale ife aphunzitsi tinkachita kutchera khutu. Ana aang'ono sankatolapo kanthu. Pasukulu sitinkayenera kuyankhula Chiyao, koma linali Loweruka, ndipo ine ndinaona mpata woti anthu amve luso langa. Palibe amene anandipempha. Ndinangoima pambali pa a ku Halale n'kuyamba kumasulira.

Mnyamata wina wa Sitandade 7 anafunsa chifukwa chake mpirawo suli wozungulira ngati unzake. A ku Halale anasangalala nalo funsolo. Anati kalekale, azungu asanayambe kupanga zinthu m'mafakitale, ankapopa chikhodzodzo cha nkhumba n'kuchikutira ndi chikopa, ndipo poti chikhodzodzo n'chotalikirapo, mpira unatengera maonekedwe amenewo. Anaonjezera kuti zimenezo zinatha agogo athu asanabadwe.

Nkhumba pa Chiyao ndinkaidziwa, ndi liguluwe. Chikhodzodzo sindinkachidziwa, poti pamsika sindinachigulepo. Mawu oti kalakala, amene ndi kalekale wa Chiyao, ndinali nditawamvapo ndithu koma anandithawa, ndipo aneni anga onse anali a lero. Ndiye ndinaloza mpira umene mtsikana uja anali ataukumbatira, n'kunena mokweza ndi monyadira mawu amene aliyense anawamva kuti mkati mwake muli nkhumba.

Chiganizo chomaliza chija, choti zinatha kale, sindinachifike. Mtsikanayo anatsegula manja, mpira unagwa n'kugubudukira pa mzere wa phulusa, ana n'kumaupatukira. Mpira wamiyendo palibe amene anafunsapo kuti n'chikopa cha chiyani, chifukwa umamenyedwa ndi phazi. Uwu unali wonyamula m'manja ndi kuukanikiza pamtima. Mwana uja anandiyang'ana, manja atawatalikitsa ndi diresi lake, kenako anatembenuka n'kulunjika kumsewu. Sanalire ndipo sanathamange. Ana ena Achisilamu anamutsatira, aang'ono akukokedwa ndi akulu awo, ndipo posakhalitsa theka la bwalo linali mbee.

Ndinayesa kufuula kuti ndalakwitsa, koma madzi akatayika saoleka. A tcheyamani anati tilembe maina a ana onse amene achoka, makolo awo akafotokoze chifukwa chake akunyoza chitukuko. Apo ndinadziwa kuti maina akalembedwa palibe mwana wa mabanja amenewo adzapondenso pasukulu. Ndinagwada pamaso pa a tcheyamani, ine amene sindinkakonda kugwada, ndi kuwapempha kuti andipatse nthawi yochepa. Ahedi anawatengera kumthunzi n'kuwapatsa chikho cha thobwa.

Ndinapempha a ku Halale kuti andibwereke mpira ndikauonetse kwa a fundi. Anakana kuupereka, koma anati apita nawo okha. Tinayenda awiri kudutsa pa magolosale, iwo patsogolo ndi thumba la pilo, ine pambuyo, amayi anga a tomato aja akundiyang'ana osandipatsa moni. Nkhani inali itatitsogolera kale.

Tinapeza mtsikanayo atakhala kuseri kwa mtengo, manja ali onyowa mpaka m'zigongono. Anali atamusambitsa kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi, monga amachitira munthu akakhudza nkhumba. Amuna angapo ovala zikofiya anali ataima chapafupi. A fundi anali akusoka nsapato ya mwini wake ndipo sanadzutse mutu.

Ndinafotokoza m'Chichewa, chifukwa Chiyao chinali chitandithera. Ndinati a ku Halale ananena za kalekale, ine ndi amene ndinasiya mawuwo panjira.

"Kandimverere anakanena za m'maluwa," anatero mmodzi wa amuna aja, anzake n'kuseka pang'ono.

A fundi sanaseke. Anauza a ku Halale kuti aike mpirawo pa thabwa, ndipo anauyang'ana nthawi yaitali osaukhudza, akuutembenuza ndi chogwirira cha nyundo. Kenako anaitana amuna aja kuti ayandikire. Anawauza kuti chikopa cha nkhumba sichibisala, chimakhala ndi timabowo ta ubweya titatutitatu, ndipo ku Limbe ankachizindikira asanachigwire n'komwe.

"Ichi n'cha ng'ombe," anatero. "Kunjaku ndaona. Koma aphunzitsi ananena za mkati."

Pa mimba ya mpirawo panali pakamwa posokedwa ndi kachingwe kachikopa. A ku Halale anati kachingweko sanakamasulepo chichokereni ku Halale, kanauma, ndipo kakaduka sadziwa kumene angapeze kena. Anasisita mpirawo ndi chala. Ndinawamvera chisoni, chifukwa zaka zawo zonse za kuchilendo chooneka chimene anabwera nacho chinali chimenechi, ndipo amene ankawavutitsa ndinali ine. Kenako anagwada, anauphwetsa, n'kuyamba kumasula okha. Pa bowo lachitatu kachingwe kanaduka.

Anapisa zala n'kutulutsa chinthu chakuda chofota, chokhala ndi zigamba ziwiri. A fundi anaika nyundo pansi, anachitenga ndi manja awo, anachikoka, chinatamuka n'kubwerera. Anachinunkhiza. Ndevu zawo zinagwedezeka pang'ono, ndipo ndinazindikira kuti akulimbana ndi phwete.

"Uwu ndi mpira, womwewu wa machubu anga," anatero. "Mkati mwa mpira muli mpira."

Amuna aja anaseka, aliyense akufuna kukoka nawo. A fundi anaona kuti chigamba chimodzi chikumatuka, ndiye anachimatanso osafunsa mwini wake. Analeza kachingwe katsopano pa chikopa cha ng'ombe, anabwezera zonse m'malo mwake, anapopa ndi pampu ya njinga n'kusoka pakamwa paja mwaluso kuposa poyamba. A ku Halale anaudinikiza ndi zala zazikulu n'kunena kuti chifikireni kumudzi sunalimbepo chonchi. A fundi anatuma amuna aja kuti akauze makolo kuti mpirawo ulibe mlandu, ana abwerere kubwalo.

Ine ndinapuma, n'kutambasula dzanja kuitana mtsikana uja kuti tizipita.

"Iyayi, ameneyo atsala," anatero a fundi. Anandiyang'ana koyamba tsiku limenelo. "Mpira ulibe mlandu, aphunzitsi, koma inu munalonjeza. Pamene mwanayu amaunyamula, inu munkadziwa kuti ndi wa ng'ombe?"

Ndinati sindinkadziwa.

"Ndipo pamene munkanena kuti muli nkhumba, munamuuza kuti autaye?"

Funso limenelo linandilasa, chifukwa linali loona. Ndinali nditatanganidwa ndi kumva kukoma kwa mawu anga, moti sindinaganize n'komwe za mwana amene anali patsogolo panga. Ndinafunsa ngati mwanayo abwera kusukulu Lolemba. A fundi anatola nsapato ija n'kupitiriza kusoka.

Kubwalo ana ena onse anabwerera, ndipo a tcheyamani anaiwala za maina. Masewera anayamba dzuwa lili pamutu. Tinagawa ana m'magulu ang'onoang'ono, atsikana paokha anyamata paokha, ndipo poti mpira unali umodzi, magulu odikira ankayeserera kupatsirana ndi malambe. Atsikana anamanga nsalu zolimba pamwamba pa madiresi awo aatali n'kupisamo mlaza. Lamulo loti munthu uthamangire kutsogolo koma mpira uponyere kumbuyo linawazunguza mutu ana ndi aphunzitsi omwe. Mphunzitsi wina wa ku Kalembo anafunsa ngati azunguwo ankafikadi kumene ankapita. Kamnyamata kena kanamvetsa lamulolo mopitirira, kanathamanga chobwerera mpaka kukagwera m'munda wa nandolo. Wezulo inkalira mosalekeza, a ku Halale akufuula kuti "Kumbuyo, iwe, kumbuyo," mpaka mawu anawathera.

Koma chakumadzulo zinayamba kuyenda bwino. Ana anazindikira okha kuti ukakhala patsogolo pa mnzako sungalandire kanthu, uyenera kutsalira pang'ono kuti akuone. Anyamata akuluakulu ozolowera kugwetsa anzawo pa mpira wamiyendo anapeza kuti kamwana kowonda kakhoza kuwasolola mlaza n'kuwaimitsa osawakhudza. Palibe amene anavulala, kupatula zala zoyabwa ndi ubweya wa malambe. Mbatata zinatha zonse. Linali tsiku labwino, ndipo aliyense ankanena choncho, koma ine ndinkangoyang'ana kumsewu.

A ku Halale anabwerera kwawo ndi mpira wawo. Lolemba malo a mtsikana uja anali opanda munthu, Lachiwiri chimodzimodzi. Ana a mabanja ena aja ankabwera, koma ndinkadziwa kuti makolo awo akuyang'anira kwa a fundi, ndipo akapanda kumubweza mwanayo nawonso ayamba kuchotsa awo mmodzimmodzi. Lachitatu ndinapita pansi pa mango paja ndilibe nsapato yoti asoke. Ndinapepesa, ndipo sindinalonjeze kalikonse. Ndinangoti chimene sindikuchidziwa ndizibwera kudzafunsa. A fundi anati amva. Ndinaona zidutswa za chikopa cha mbuzi zitayanikidwa pa thabwa, koma sindinaziganizire kanthu.

Sabata imeneyo ana ankasewerabe pa nthawi yopuma. Ankautcha mpira wa dambe, ndipo mlaza unali paliponse, m'makalasi, m'matumba, ngakhale mu ofesi ya ahedi. Malambe ankasweka tsiku lililonse, osewera n'kukhala pansi kudya mpira wawo. Ine ndinasiya kuyankhula Chiyao pagulu. Madzulo ndinkapita kwa mayi wina wogulitsa matemba kuti andiphunzitse kunena za dzulo ndi za dzana, iye n'kumaseka mpaka misozi.

Lolemba lotsatira, tili pa mzere wa m'mawa, ndinamuona akubwera mochedwa, yunifolomu yochapa bwino, atanyamula chinthu m'kansalu. Sanapite pamzere. Anabwera kwa ine, anagwada, n'kumasula kansaluko. Munali mpira wa chikopa cha mbuzi, wa zidutswa zinayi, wosokedwa ndi ulusi wa nsapato. Mbali imodzi inali yonenepa kuposa inzake, moti unkafanana ndi papaya, ndipo pena panali patatsalira tiubweya toyera.

"Madamu, ababa akuti uwu ndi wa sukulu," anatero. "Akuti kunja ndi mbuzi imene anazinga okha, mkati ndi chubu cha njinga. Akuti mukafuna kumasulira, mumasulire zimenezo."

Ahedi anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Ine ndinaulandira ndi manja awiri, ndipo misozi inandilengeza pamaso pa sukulu yonse. Ndinafunsa ngati iye wangobweretsa mpira kapena wabwera kudzaphunzira. Anandionetsa kope lake.

Pa nthawi yopuma anzake anamupisa mlaza m'chiuno n'kumupatsa mpirawo kuti ayambe ndiye, poti unali wa bambo ake. Iye yekha ndi amene sanamve malamulo tsiku lija. Anaukumbatira monga poyamba, anathamanga kudutsa atsikana atatu osamugwira mlaza, ndipo wachinayi atamusolola, anauponya kutsogolo ndi mphamvu zake zonse. Bwalo lonse linakuwa kuti kumbuyo. Anaima, n'kundiyang'ana ine kuti ndimuuze ngati akunena zoona.

Ndinamuuza m'Chichewa kuti akunena zoona, ndipo ndinapita kukaima kumbuyo kwake kuti andiponyere.